Foni Yatsopano Ikamana Kawayilesi Chakudya

Amalume anga amagona masana. Ndi mlonda pa kampani ina kumafakitale a ku Kafue, ku Zambia, ndipo dzuwa likapendeka amanyamuka kwawo ku Nangongwe jekete ili paphewa, m'thumba muli kawayilesi kofiira kosaposa chikhatho, kokhala ndi tochi kumutu ndi kampata kolowetsapo memory card m'nthiti. Nyimbo sazikonda kwenikweni. Chimene chimawathamangitsira tulo mpaka tambala woyamba ndi mawu a anthu olankhula: maulaliki, Focus on Africa ya BBC, macheza a mpira. Kwa zaka zitatu njira yawo inali imodzi. Mwana wawo ankatsitsa mapulogalamuwo pa foni, mafayilo ankagwera pa khadi, madzulo amalume ankazula khadilo ndi chikhadabo n'kulisomeka m'kawayilesi. Foni inkatsala kunyumba. Iwo amati mlonda woyenda ndi foni yowala usiku akuziitana yekha mbala zimene anamulembera kuti azizithamangitsa.

Tsiku lina foni ija inagwera m'beseni la zochapa, osadzukanso. Inabwera ina kuchokera ku Lusaka, yaikulu, yojambula bwino, ndipo m'kawayilesi munangoti zii. M'foni mapulogalamu akumveka bwinobwino, chizindikiro chikuonetsa kuti atsitsidwa, koma khadi likapita m'kawayilesi mulibe kanthu. Ngakhale maulaliki akale aja anasowa. Nditawachezera Lamlungu lina anandiikira zonse ziwiri patebulo, foni uku kawayilesi uku, ngati anthu awiri obwera pa mlandu.

"Mphwanga, akuti iyi ndi yanzeru kuposa ija inafa. Nanga bwanji ikumana mnzake chakudya?"

Funsoli si la ku Nangongwe kokha. Aliyense amene anasinthapo foni kapena kompyuta, n'kufuna kuti ma podcast ake apitirize kulowa m'kachipangizo komvetsera, kaya ndi iPod yakale, kaya MP3 player, kaya foni ya mabatani, anapunthwapo pa chitsa chomwechi. Gwero lake n'lakuti zimene munthu amati "ma podcast anga" si chinthu chimodzi. Pali mndandanda wa mapulogalamu amene amatsatira, pali mafayilo a mawuwo, ndiye pali chikumbutso cha pamene analekezera kumvera. Posamuka, chilichonse mwa zitatuzi chimakwera basi yakeyake, ndipo china chimatsala padepoti.

Pachiyambi podcast inali chinthu chosabisa kanthu. Wokonza pulogalamu ankaika fayilo ya MP3 pa intaneti, pamodzi ndi kachikalata kotchedwa RSS kamene kamangonena kuti gawo latsopano latuluka, dzina lake ndi lakuti, ndipo fayilo yake ili pakuti. Njira yomangirira fayilo ya mawu pa kachikalatako anaikonza ndi Dave Winer wa ku America kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000. Dzina loti podcast linatuluka mu 2004 m'nkhani ya Ben Hammersley m'nyuzipepala ya The Guardian, ndipo theka la dzinalo linabwerekedwa kwa iPod, kachipangizo ka Apple kamene kanatuluka mu 2001. Mu June 2005 Apple inalowetsa ma podcast mu iTunes. Onani mmene zinkayendera masiku amenewo: iPod inalibe intaneti. Munthu ankatsitsa pa kompyuta usiku, m'mawa n'kulumikiza chingwe, mawu n'kulowa m'kachipangizo, iye n'kupita kuntchito. Ndiye kuti zimene amalume ankachita ndi chikhadabo chawo ndi zimene podcast inabadwira. Amene anasintha si iwo.

Anasintha ndi ma app. Spotify inafika ku Zambia ndi ku Malawi mu February 2021, ndipo kwa achinyamata ambiri mawu oti podcast anabwera nayo, kapena anabwera ndi YouTube. M'ma app a mtundu umenewu batani lotsitsa lilipo ndithu, ndipo silinama: pulogalamu imalowadi m'foni, mungaimvere popanda bandulo. Koma imalowa yokhomedwa, m'njira yoti app yokhayo ndiyo ingaitsegule. Simungaikopere pa khadi, simungaitumize pa Bluetooth, ndipo mukachotsa app imapita nayo. Kuli ngati kusungitsa chimanga m'nkhokwe ya eni: akuti n'chanu, idyani mmene mungafunire, koma mudyere pakhomo pawo. Kwa munthu amene foni yake ili m'manja usana ndi usiku, izi zilibe vuto, ndipo posintha foni n'zabwino kwambiri, chifukwa ukangolowa ndi dzina lako mndandanda wonse ndi pamene unalekezera zimakutsata zokha. Vuto limabwera pamene makutu ali pa chipangizo china chimene sichidziwa app, sichidziwa intaneti, chimangodziwa fayilo.

Mndandanda ndiye wosavuta kusamutsa, bola munthu aukumbukire foni yakale isanafe. Ma app amene amatsata njira ya RSS, monga AntennaPod ndi Pocket Casts, amatha kulemba mndandanda wonse m'kafayilo kamodzi kotchedwa OPML. N'kopepuka kuposa chithunzi chimodzi. Mungadzitumizire pa imelo n'kukaiwala kumeneko. Pa foni yatsopano mukakatsegula mu app, mapulogalamu onse amabwerera m'malo mwake. Muli maadiresi okhaokha, mulibe mawu ngakhale a sekondi imodzi, koma adiresi ndiyo imavuta kuikumbukira. Google itatseka app yake ya Google Podcasts mu 2024 n'kulozera anthu ku YouTube Music, inapereka mpata woti munthu atulutse OPML yake, ndipo amene anaitulutsa nthawi ilipo anasamuka ndi katundu wawo kupita kumene anafuna. Amalume analibe OPML. Mwayi wake mapulogalamu awo anali asanu okha, mayina ali pamtima.

Pa mafayilo m'pamene pali ntchito. Choyamba n'kusankha app imene imatsitsa fayilo yeniyeni yosakhoma. AntennaPod, yomwe ndi yaulere, yopanda zotsatsa malonda ndipo imakonzedwa ndi anthu ongodzipereka, imachita zimenezo pa mafoni a Android. Komabe sikuti zatha. Kuyambira pa Android 11, ya mu 2020, foda imene ma app amasungamo zinthu zawo, yotchedwa Android/data, inatsekedwa moti pulogalamu yoonera mafayilo ya pafoni nthawi zambiri siilowamo. Ichi n'chifukwa chake munthu amene pa foni yakale ankangotsegula foda n'kukopera, pa yatsopano amafufuza mpaka maso kufiira. Fayilo ilimo, koma khomo lakumaso n'lotseka. Lakuseri n'lotsegula: mu app momwemo, pa gawo limene mwatsitsa, pali batani logawira, ndipo mukasankha kugawa fayilo m'malo mwa link, mukhoza kuiponya mu foda ina yoonekera kapena kuitumiza pa Bluetooth ku foni ya mabatani. Njira ina yachidule, imene ine ndimaikonda chifukwa siidalira app iliyonse, n'kutsegula tsamba la pulogalamuyo pa browser n'kutsitsa MP3 pomwepo. Imagwera mu Downloads, poyera, ngati chithunzi kapena kalata. Masamba ambiri a mapulogalamu a BBC ali ndi batani lotero.

Foni ikakhala yopanda malo a khadi, monga mafoni ambiri atsopano odula, pamafunika kachipangizo kowerengera khadi kosomeka pamene pamalowa chaja, kamene ogulitsa amakatcha OTG. Amene ali ndi kompyuta ali pabwino koposa: pulogalamu yaulere ya gPodder imalandira OPML, imatsitsa magawo atsopano m'mafoda osanjika bwino, ndipo imatha kuwakopera ku MP3 player kapena ku khadi.

A iPod ndiwatchule mwachidule, poti alipobe amene analandira yakale kwa m'bale wa ku Johannesburg kapena ku London. Apple inasiya kupanga iPod mu 2022, koma zakalezo zikugwirabe ntchito. Khalidwe lake n'lakuti imazolowera kompyuta imodzi. Mukailumikiza ku ina, imafunsa ngati mukufuna kufufuta zimene zilimo kuti mulowe za kompyuta yatsopanoyo, ndipo wovomera mothamanga amalira. Pa Mac, kuyambira 2019 iTunes inagawidwa pakati pa ma app angapo, ndipo kulowetsa zinthu mu iPod kunasamukira mu Finder. Pa Windows iTunes ikadalipo.

Za amalume sizinathere pa app. Titatsitsa MP3 yeniyeni n'kuiika pa khadi, kawayilesi kanakanabe. Tinapita pa kantemba kena m'komboni momwemo, pamene mnyamata wina amaikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'makhadi ndi m'mafulashi, ntchito imene ku Malawi amati kubena. Pa thabwa pali laputopu yothyoka pakona, zingwe zopiringizana ngati mizu ya kachere, pambali mafoni asanu ndi awiri ali pa chaja. Analowetsa khadi mu laputopu, n'kuyang'ana kamphindi, n'kuseka.

"Ba mudala, iyi card foni yanu inaikwatila. Manje siingasebenze kwina."

"Inaikwatira bwanji, mwana wanga, popanda ankhoswe?"

Mnyamatayo ananena zoona. Kuyambira pa Android 6, ya mu 2015, mafoni ena mukalowetsa khadi amafunsa funso: kodi likhale khadi lonyamulika, kapena likhale mbali ya mimba ya foni? Mukasankha chachiwiri, foni imafufuta zonse zimene zinalimo n'kulikhoma ndi kiyi wakewake, moti palibe chipangizo china chingaliwerenge. Yankho limenelo limaoneka lanzeru, chifukwa likulonjeza malo ambiri, ndipo mwana wa amalume analidina tsiku loyamba lomwelo, foni ikadali ndi pulasitiki pagalasi. Maulaliki a zaka zitatu anathera pamenepo. Ukwatiwo umatha pokhapokha khadi litafufutidwanso n'kukhala lonyamulika, koma zakale sizibwerera. Mwa zonse zimene ndalemba pano, ili ndilo funso limodzi limene ndingafune kuti aliyense wogula foni aime kaye asanaliyankhe.

Tiwayilesi timeneti tilinso ndi mwambo wake, ndipo palibe amene amaulemba pa bokosi. Tambiri timawerenga makhadi osaposa 32 GB, okonzedwa m'njira yotchedwa FAT32. Makhadi a 64 GB kupita m'tsogolo amabwera ali m'njira ina, exFAT, ndipo kawayilesi kotchipa kamangowayang'ana ngati mlendo wolankhula chinenero china. Kugula khadi lalikulu ndiye kudzivutitsa chabe. Ola limodzi la MP3 ya 128 kbps limadya pafupifupi 58 MB, moti khadi la 8 GB limanyamula maola opitirira 130, kuposa mausiku khumi a ulonda osapumira. Ndipo makhadi achinyengo amakonda kuvala manambala akuluakulu omwewo: limalembedwa 64 GB pamene mkati muli malo ochepa, limalandira mafayilo mosakana, kenako mukafuna kumvera mupeza theka lawonongeka. Khadi laling'ono la dzina lodziwika limaposa chimphona cha mtengo wa tomato.

Mtundu wa fayilo nawonso ndi nkhani. MP3 imalira paliponse. Koma ma podcast ena amabwera ngati M4A, ndipo mawu ojambulidwa pa WhatsApp, amene ndiwo njira imene maulaliki ambiri ndi mauthenga a mipingo amayendera masiku ano, amasungidwa ngati Opus. Tiwayilesi tambiri sitidziwa mitundu imeneyi; fayilo ilipo pa khadi koma kamangoidumpha. Kusintha dzina kuti lithere ndi mp3 sikuthandiza, monga mmene kulemba "shuga" pa thumba la mchere sikutsekemeretsa phala. Fayilo iyenera kutembenuzidwa, ndipo pulogalamu yaulere ya VLC pa kompyuta imachita zimenezo. Mnyamata wa pa kantemba uja dzina loti Opus sankalidziwa, koma ankadziwa bwino lomwe kuti "za pa WhatsApp" zimafuna kudutsa kaye pa laputopu.

Ndiye pali kusokonezeka kwa ndondomeko. Nyimbo mukhoza kuzimvera mosakaniza, koma ulaliki wa magawo khumi ndi awiri kapena nkhani yopitirira imafuna kuyamba ndi mutu, osati mchira. Zipangizo zina zimasanja potsata dzina, ndipo zikatero gawo 10 limabwera patsogolo pa gawo 2, pokhapokha mutalemba 01, 02, 03. Zina, makamaka zotchipa, sizisamala dzina n'komwe: zimaimba motsata mmene mafayilo analowera pa khadi. Mankhwala ake ndi kuleza mtima, kukopera imodziimodzi kuyambira yoyamba.

Chachitatu chija, chikumbutso cha pamene munalekezera, ndicho sichisamuka konse kupita ku kawayilesi. Kuchoka pa foni kupita pa foni n'zotheka: AntennaPod imatha kutulutsa nkhokwe yake yonse pamodzi ndi zimene munamvera kale, ndipo ma app olowa ndi dzina amakusungirani okha. Koma kawayilesi kamayamba ndi mutu wopanda kanthu, ndipo tina timaiwala nthawi iliyonse tikazimitsidwa. Pa nyimbo ya mphindi zinayi palibe amene amadandaula. Pa macheza a maola awiri, batire likatha pa mphindi ya 80, kubwerera pamenepo ndi kabatani kothamangitsira ndi chilango. Pogula, yesani pomwepo pa shopu: imbani fayilo, ipititseni patsogolo, zimitsani, yatsani, muone ngati kakupitiriza kapena kayambiranso. Ngati munagula kale koiwala, dulani mafayilo aatali m'zidutswa za mphindi khumi ndi zisanu ndi pulogalamu ngati Audacity.

Wina afunsa kuti mavuto onsewa n'ngachiyani, bwanji osangomvera pa foni. Yankho analipereka ndi chaka cha 2024. Chilala chitakula mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema kulengeza mu February kuti ndi tsoka la dziko lonse, madzi anatsika pa damu la magetsi la Kariba, ndipo pofika chakumapeto kwa chaka malaiti ankapita maola 20 kapena kuposa pa tsiku m'madera ambiri. Anthu a ku Kafue anakhala mumdima ngati wina aliyense, ngakhale kuti makina opangira magetsi a Kafue Gorge amazungulitsidwa ndi mtsinje womwewo umene asodzi awo amaponyamo maukonde. Masiku otero batire la foni ndi la mobile money ndi la uthenga wa maliro, si la macheza. Kawayilesi kamalira usiku wonse pa chaja imodzi, tina tili ndi kagalasi ka sola pamsana, ndipo kakabedwa munthu sagona ndi njala mwezi wathunthu. Pa bandulo napo pali masamu: fayilo yotsitsidwa kamodzi, mwina pa bandulo ya usiku kapena pa Wi-Fi ya kuntchito kwa mwana, imamvedwa kasanu, n'kudutsa pa khadi la mnansi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Pulogalamu imene ili mu app ya eni ili pachala.

Chimene chimandiwawa pang'ono n'chakuti mapulogalamu athu enieni ndiwo ovuta kwambiri kuwafikitsa m'kawayilesi. Kum'mwera kwa Africa kuno podcast yakula ngati kanema. That Zed Podcast ya ku Zambia ndi Podcast and Chill ya MacG ku South Africa anthu ambiri amazidziwira pa YouTube, ndipo mawayilesi ambiri amaulutsa mapulogalamu awo pa Facebook. Kanema amadya bandulo kuwirikiza kangapo kuposa mawu okha, ndipo malamulo a YouTube salola kutulutsa fayilo kunja kwa app yawo. Mlonda safuna kuona nkhope za anthu atakhala pa sofa. Maso ake ali pa geti. Chotsatira chake n'chakuti n'kosavuta kuti amalume amve mtolankhani wa ku London kusiyana ndi mnyamata wa ku Lusaka wolankhula Chinyanja chawo chomwe, makilomita 45 okha kuchokera pakhomo pawo. Wokonza pulogalamu amene angaikenso mawu okha pa RSS, MP3 ya 64 kbps imene ola lake silifika 30 MB, sataya kanthu, ndipo malo oikapo mwaulere alipo. Ndikudziwa chimene chimawagwetsa ulesi. Otsatsa malonda amayang'ana chiwerengero cha oonera ndi otsitsa, ndipo fayilo imene yatsitsidwa kamodzi n'kuzungulira makhadi khumi a ku Nangongwe imawerengedwa ngati munthu mmodzi. Omvera a pa khadi saoneka m'mabuku a wina aliyense. Koma alipo, m'maminibasi opita ku Lusaka m'mamawa, pa mabenchi a amayi ogulitsa nsomba, m'tinyumba ta alonda.

Dziko lino la Zambia linayendapo kale njira imeneyi. Mu 1949, wayilesi ya Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka inali ndi mapulogalamu a m'zinenero za anthu akuda koma omvera analibe pomvera. Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, anakakamira mpaka kampani ya Ever Ready ya ku Britain inapanga wayilesi yotchipa ya batire, yooneka ngati poto, yogulidwa mapaundi 5, imene inatchuka ndi dzina loti Saucepan Special. Inafalikira mpaka ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia, ndipo inaphunzitsa midzi chizolowezi chosonkhana pa wayilesi, chimene m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 chinkakhazika anthu chete nthawi ya nthano za Julius Chongo za Poceza m'Madzulo. Amalume amazikumbukira. Amati tsiku limene batire latha, nthano ya sabata imeneyo yakudutsa basi, ukaimvere kwa anzako pachitsime. Chimene podcast inabweretsa n'chakuti pulogalamu imakudikira. Koma imadikira munthu amene ali ndi pomvera, ndipo pomvera pa anthu ambiri ndi potchipa, pa batire, monga mu 1949.

Tsopano kwa amalume zimayenda chonchi. Lamlungu akaweruka ku tchalitchi, mwana wawo amatsitsa magawo a sabata yonse, amawalemba manambala, n'kuwakopera limodzilimodzi pa khadi la 8 GB limene foni yauzidwa kuti ndi mlendo chabe. OPML ili pa imelo yanga ndi ya mwanayo. Kawayilesi kawo ndi ka gulu loiwala lija, ndipo anakana kuti tiwadulire mafayilo, ati ulaliki sudulidwa ngati nzimbe. M'malo mwake amayenda ndi pensulo. Ulendo watha ndinaona bokosi la machesi pawindo, kuseri kwake atalemba manambala m'mizere, ina itakhwatchidwa. Mzere womaliza unali 04, pambali pake 41.